Tsiku Limene Sindinawayeze Bambo Zimba

Tadala ndi Yamikani, ana anga, gawo lino la mbiri yanga ndalilemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mukaliwerenga mudzandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma zilibe kanthu, bola mumve. Kuyambira muli ku pulayimale mwakhala mukuuza anzanu kuti amayi anu amajambula mitima ya anthu. Simunaname. Chimene simudziwa n'chakuti tsiku lina ndinatsala pang'ono kuphetsa munthu amene nonse awiri munkamutcha agogo, ndipo chimene chinandilakwitsa si ulesi kapena nkhanza ayi, koma ulemu.

Ntchito yoyamba, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri

Ndinayambira m'chipinda cha ekisileyi pa chipatala china chaching'ono kwathu kuja. Makina anali akale, olira ngati chigayo, ndipo mafilimu ankabwera mwa apo ndi apo. Bwana wanga anali Bambo Gondwe, munthu wamfupi wosaseka wamba, amene ankasunga mafilimu m'kabati yokiya, kiyi n'kuimangirira pa lamba. Mwezi wina titatsala ndi ochepa kwambiri, ndinajambula chifuwa cha mayi wina, chithunzi n'kutuluka chotuwa, nthiti zosaoneka bwino. Ndinachiika mu envulopu kuti chipite kwa dokotala, mumtima ndikudzitama kuti ndapulumutsa filimu imodzi. Bambo Gondwe anachisolola, anachikweza pa windo, n'kuchiponya m'bini ine ndikuona.

"Estere," anatero, "kuli bwino kusajambula kusiyana ndi kujambula choipa. Ukapanda kujambula, dokotala amadziwa kuti sakudziwa. Ukamupatsa choipa, amachikhulupirira."

Ndinalira tsiku limenelo, ndipo ndinawada Bambo Gondwe mlungu wathunthu. Ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pochoka ndinkaganiza kuti phunziro lawolo landilowa mpaka m'mafupa. Ndinadzinamiza.

Chaka choyamba ku London

Bambo anu atapeza malo a maphunziro kuno, tinatsika ndege m'nyengo yozizira titavala zovala za ku Zomba, m'manja muli kapepala ka adiresi imodzi yokha. Adiresiyo inali ya Bambo ndi Mayi Zimba ku Lewisham. Sanali abale athu. Bambo Zimba anathawa kwathu kalekale chifukwa cha ndale za nthawi imeneyo, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yawo inasanduka pofikira Mmalawi aliyense wosowa pogwira. Tinakhala m'kachipinda kawo kakumbuyo miyezi inayi, osatifunsa n'kamodzi komwe tsiku lochoka. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kukwera basi, ndiponso kuti kuno ukaponda munthu umapepesa, akakuponda iye umapepesanso ndiwe. Iwe Tadala utabadwa, dzina lakolo anakupatsa ndi iwo.

Anali munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, wa suti ndi chipewa ngakhale popita kukagula mkaka. Ku tchalitchi kwathu, m'holo yobwereka ija, akangotsokomola kwaya inkatsitsa mawu. Ine sindinawapatsepo kapu ya tiyi nditaimirira. Ndinkagwada pa kapeti, mu London momwe muno, ndipo ngakhale titasamukira m'fulati mwathu ku Woolwich sindinasinthe. Inu munkandiseka, ine ndinkakukokani makutu.

Chaka chachitatu, m'chipinda chapansi

Nditatsiriza maphunziro oonjezera, ananditumiza ku gawo lina la pansi pa nthaka pa chipatala china kummwera kwa mtsinje. Pa chitseko chilichonse panali chizindikiro chachikasu chochenjeza za cheza choopsa. Mkulu wa kumeneko anali Maureen, mayi wa ku Ireland wa tsitsi lotuwa ndi nsapato zachimuna. Anakana kuti ndizimutcha madamu, ndipo lilime langa linatenga chaka kuti lizolowere kutchula bwana dzina lake ngati mnzanga wosewera naye fulaye.

"Bwera udzaone ng'ombe yathu," anatero tsiku loyamba.

Ndinaganiza kuti akundinyoza poti ndine wa ku Africa, moti yankho ndinali nditalinola kale. Koma ng'ombeyo inalipodi, ndipo aliyense pa ntchitoyi amaitchula choncho. Chinali chigubu cholemera chokutidwa ndi mtovu, chimene chinkabwera pa galimoto mlungu uliwonse. M'mawa tinkachikama: kulowetsa madzi amchere, n'kutuluka timadzi toyera ngati ta pa mpopi, koma totulutsa cheza chosaoneka ndi maso. Timadzi timeneto tinkatisakaniza ndi mankhwala ena amene amakonda kukakhala mu mnofu wa mtima, kenaka n'kubaya munthu pamkono. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti mphamvu yake inkatha yokha. Pakadutsa maola asanu ndi limodzi yatsala theka, enanso asanu ndi limodzi latsala theka la theka lija, kaya wagwiritsa ntchito kaya ayi. Ndinakumbukira mana a ana a Israeli, amene ukasungira mawa unkawapeza atavunda.

Ku ekisileyi kuwala kumachokera m'makina, kumapyoza munthu n'kukagwera pa filimu. Kuno kamera sinkatulutsa kanthu. Inkangoyenda pang'onopang'ono mozungulira chifuwa, kutola timadontho ta kuwala tochokera mkati mwa wodwalayo. Nyali anali munthuyo. Tsiku limene ndinaona koyamba, pabedi panagona nkhalamba ina imene kale inkagwira ntchito pa doko, manja itakweza pamwamba pa mutu. Pa sikirini panabwera kadontho, kenaka kena, kenaka kena. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita mphindi ngati makumi awiri kompyuta inasonkhanitsa zonse, ndipo panaoneka nkhata. Nkhata yeniyeni, yonga ija agogo anu ankasenzera mtsuko, koma yoyaka ngati makala. Maureen anadina batani, nkhata ija n'kuyamba kufinyika ndi kumasuka, kufinyika ndi kumasuka.

"Ndi mtima wake umenewo, tauduladula ngati buledi," anatero Maureen. "Pamene magazi akufika, pakuwala. Pamene mtsempha watsekeka, nkhata yakoyo imaduka."

Ndinagwira tebulo. Ndinayang'ana nkhalamba ija kudzera pa galasi. Inali kusinza, yavala sokosi zobooka, osadziwa kuti ikuwala. Ndinachita mantha, ana anga, mantha a m'tchalitchi. Ndinagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo palibe tsiku limene nkhatayo inaonekera pa sikirini ine osanena chamumtima kuti Ambuye ndinu wamkulu.

Luso lonse linali pa mlingo. Ukapereka wochuluka, wamupatsa munthu cheza chopanda ntchito chimene thupi lake silinapemphe. Ukapereka wochepa, timadontho tofika pa kamera timachepa, chithunzi chimatuluka cha mchengamchenga, moti sudziwa ngati mdima ukuuonawo ndi matenda kapena ndi kuchepa kwa kuwala. Ndipo thupi lalikulu limameza kuwala kusanatuluke, choncho munthu wonenepa amafunika mlingo wokulirapo. N'chifukwa chake pakhonde pathu panali sikelo, ndipo lamulo la Maureen linali limodzi: aliyense akwerepo, iwe mwini uwerenge ndi maso ako, usanakoke mankhwala mu jekeseni. "Anthu amanama za kulemera kwawo kuposa za zaka zawo," ankatero. "Sikelo ilibe manyazi."

Chaka chakhumi ndi chiwiri, nyengo yozizira

Chakudya cha ng'ombe yathu chinkachokera kutali, ku ng'anjo za nyukiliya zochepa zakalekale za kutsidya kwa nyanja. Imodzi ikatsekedwa kuti ikonzedwe, zipatala zonse zinkalira. Nyengo imeneyo ng'ombe inkabwera yowonda, mlungu wina osabwera n'komwe. Tinkaimbira anthu foni kuwauza kuti adikire, ena atadikira kale miyezi. Tinkachita kuwerenga madontho ngati mafuta ophikira kumapeto kwa mwezi. Mwa masiku onse munthu tinkamujambula kawiri: koyamba mtima utagwira ntchito yolemetsa, kachiwiri tsiku lina utapuma. Koma pofuna kusunga mankhwala, madokotala anagwirizana kuti chithunzi choyamba chikaoneka chabwino, chachiwiri chisajambulidwe.

Lachiwiri lina m'mawa ndinaona dzina lodziwika pa ndandanda. Bambo Zimba. Dokotala wawo anawatumiza chifukwa cha kubanika pokwera masitepe. Ndinauza Maureen kuti ndimawadziwa, iye n'kufunsa ngati ndi achibale. Ndinati si amagazi. Tsiku limenelo tinalipo awiri okha, choncho anati ndipitirize. Pamenepo ndi pamene ndinayambira kulakwa, chifukwa mzungu akafunsa za chibale amafunsa za magazi, pamene ine ndinkadziwa bwino kuti munthu uyu kwa ine ndi bambo.

Anafika atavala suti yotuwa ndi chijasi chachitali, Mayi Zimba ali pambuyo ndi chikwama. Mayiwo anali namwino wopuma, ndipo kwa zaka ziwiri anali akuwaphikira amuna awo masamba owiritsa ndi nsomba yopanda mafuta, monga anawauzira dokotala. Anakhala pa mpando wa pakhonde, pafupi penipeni ndi sikelo.

"Eee, mwana wanga, ndiwe uli pa shifiti?" anatero Bambo Zimba. "Basi ndachira kale."

Ndinawapatsa moni ndi manja awiri, ndinafunsa mafunso onse a pa fomu, kenaka ndinaloza sikelo. "Bambo, mungakwereko apa pang'ono?"

Anayang'ana sikelo, anayang'ana akazi awo, n'kundiyang'ana ine. Anatsitsa mawu. "Sikelo ndi ya mabelo a fodya ku okushoni, mwana wanga. Ine kulemera kwanga ndimakudziwa. Lemba eyite."

Makilo makumi asanu ndi atatu. Ana anga, maso ndinali nawo. Ndinali nditayeza anthu zikwi, ndipo ndinkatha kuona munthu akutulukira pa chitseko n'kudziwa kulemera kwake mosaphonya kwenikweni. Mabatani a jekete lawo anali kulira. Koma kodi ndikanati chiyani? Kuti bambo mukunama, akazi awo akumva? Munthu amene anandipatsa denga ndilibe pogona? Wamkulu sauzidwa, ndi mmene ndinaleredwera. Ndipo kuli kamawu kena kamene kanandinong'oneza, ndikuvomera lero, kakuti mlingo wochepa usiyira winanso mankhwala m'botolo. Ulemu ndi kusowa zinagwirana manja. Ndinalemba eyite, ndinasaina, ndinakakoka mlingo wa munthu wa makilo amenewo.

Anayenda pa makina oyendapo mpaka thukuta kamukamu, dokotala wamng'ono akuyang'anira, ndipo mtima utafika pothamanga kwambiri ndinabaya. Madzi akatayika saoleka. Patapita ola anagona pansi pa kamera, ine ndili kuseri kwa galasi kuyang'ana timadontho tikubwera mochedwa, kamodzikamodzi, ngati mvula yokana kugwa. Nkhata inatuluka, koma yamchenga, m'mbali mwake mosalongosoka. Chakumunsi kwake kunali kotuwirako pang'ono.

Masana asanakwane anabwera Dokotala Shah, mkulu wowerenga zithunzi, munthu wofatsa amene ankakhulupirira siginecha yanga ngati yake. Anayang'ana fomu, anayang'ana sikirini.

"Sichokongola," anatero. "Koma mlingo ndi woyenera kulemera kwake, ndiye mwina anangosuntha. Kutuwa kwa kumunsiku timakuona kawirikawiri mwa abambo, ndi mthunzi wa mimba. Nkhata ndi yathunthu. Chachiwiri tisajambule, mankhwala a Lachinayi apite kwa wina. Lipoti ndisaina mawa."

Ndinali nditaima kumbuyo kwa mpando wawo. Ndinati, "Chabwino dokotala."

Nthawi ya nkhomaliro ndinatuluka kunja osavala n'chijasi chomwe. Ndinazungulira chipatala kawiri, mphepo ikundicheka makutu. Ndinadziuza kuti mwina ndi mthunzi wa mimbadi. Ndinadziuza kuti ndikaulula, nkhalamba ilandira cheza kachiwiri chifukwa cha ine, munthu wina wosalakwa achotsedwa pa ndandanda, dzina langa lilowa m'buku la zolakwa, ndipo koposa zonse Mayi Zimba adziwa zimene amuna awo ankabisa, mpingo wonse n'kumva kuti Estere wachititsa manyazi bambo wa tonse. Koma ndikakhala chete, kalata ipita yonena kuti mtima uli bwino, ndipo munthu wobanika pa masitepe apitiriza kukwera masitepe mpaka tsiku lina osafika pamwamba. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Pafupi ndi khomo la ambulansi ndinamva mawu a Bambo Gondwe ngati ali pambali panga ndi kiyi wawo pa lamba: ukamupatsa choipa, amachikhulupirira.

Ndinamupeza Maureen akudya sangweji mu ofesi. Ndinatseka chitseko.

"Sindinawayeze," ndinatero. "Nambala ili pa fomu anandiuza okha. Ndikuganiza kuti ndi yochepa ndi makilo oposa makumi awiri."

Anasiya kutafuna. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira akanatero. Anangofunsa kuti, "Chifukwa chiyani, Estere? Iweyo?"

"Kwathu mwana satsutsa bambo ake."

"Ndiye ndi bambo ako."

"Inde."

"Ukanandiuza m'mawa, ndikanawakweza ndekha." Anatsegula kabati n'kutulutsa fomu ya zolakwa. "Lemba zonse mmene wandiuziramu. Ine ndikukaimitsa lipoti."

Anandiletsa kubaya jekeseni milungu isanu ndi umodzi, ndipo nditayambiranso ankaima pambali panga ngati ndine wophunzira. Dokotala Shah sanandikalipire, koma kwa nthawi yaitali ankati akaona siginecha yanga n'kuyang'ana kawiri, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa mbama. Mayi amene malo ake anaperekedwa kwa Bambo Zimba ndinamuimbira ndekha, poti Maureen anati wolakwa ndi amene amve mawu ake. Mayiyo sanakwiye. Anangoti, "Ndidikira, mwanawe, ndazolowera." Mpaka lero mawuwo ndimawamva.

Loweruka lake

Chipatala chinalemba kalata yake, koma nkhani yotere kwa munthu wamkulu siyenda pa positi. Ndinakwera basi ya ku Lewisham masana, m'chikwama muli nthochi ndi mapeyala a pa msika wa Woolwich. Ndinawapeza pabalaza akuwerenga nyuzipepala. Ndinagwada pa kapeti yomwe ija, ndipo ndinapempha kuti ndilankhule Mayi Zimba ali pomwepo, chifukwa ndinadziwa kuti kubisa kwina kukanangobala kubisa kwinanso.

Nditamaliza, Bambo Zimba anapinda nyuzipepala mosamala kwambiri.

"Ndiye wakauza azungu kuti Zimba ndi wabodza."

"Ayi bambo. Ndawauza kuti wabodza ndine. Dzanja limene linalemba ndi langa."

"Unalemba zimene ndinakuuza! Mwana amene ndinamulandira m'nyumba muno ali ndi sutikesi imodzi, lero akufuna kundikweza pa sikelo ngati mbuzi ya pa msika. Ndipo ati andithirenso poizoni wawoyo kachiwiri. Ine apointimenti imeneyo sindipita. Ndinakana akuluakulu oposa dokotala wakoyo, ndikuuze."

Mayi Zimba anayang'ana amuna awo. Kenaka anaimirira, anapita pakhomo pamene panapachikidwa chijasi chachitali chija, anapisa m'thumba, n'kubwera ndi timapepala tamafuta topindapinda. Anatiyala pa tebulo kamodzikamodzi.

"Soseji rolo," anatero. "Tchipisi. Nkhuku ya pa kona paja. Bambo, mumayesa chijasichi amachapa ndani? Zaka ziwiri ndakhala ndikukuwiritsirani masamba, inu mukukadyera ku basi sitopu. Ine ndimangoti wamkulu sauzidwa. Amake Tadala anachitanso chimodzimodzi. Tonse takulemekezani, bambo, ndipo tatsala pang'ono kukulemekezani mpaka ku manda."

Sindinamvepo munthu akuwalankhula choncho. Bambo Zimba anadzuka, nkhope ili gwaa, anatenga nyuzipepala yawo n'kulunjika ku masitepe opita kuchipinda. Anakwera loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi anaima. Anagwira chitsulo cha m'mbali ndi dzanja limodzi, linalo linapita pachifuwa, nyuzipepala n'kugwa. Tinkamva kupuma kwawo tili pabalaza. Mayi Zimba anapita kukaima pansi pa masitepe, osawagwira, kungoima. Patapita nthawi, osatembenuka, Bambo Zimba anafunsa kuti, "Wati ndi tsiku lanji?"

Lachinayi lotsatira

Anabwera ndi suti yakuda, ngati opita ku khoti. Maureen ndi amene anali woti awayeze, ine ndinangoima patali. Koma atafika pa sikelo anakweza dzanja.

"Ayi. Abwere mwanayo. Anayamba ndi iye, amalize ndi iye."

Maureen anandigwedezera mutu. Bambo Zimba anavula chijasi, anavula jekete, anapereka chipewa kwa akazi awo, anakwera. Nambala inathamanga n'kuima. Inaposa ija anandiuza ndi theka la thumba la chimanga.

"Werenga mokweza," anatero. "Amve mayi akowa, mtima wawo ukhale pansi."

Ndinawerenga mokweza. Maureen anawerenganso, anakakoka mlingo woyenera, anabaya yekha. Ulendo uno timadontho tinabwera ngati mvula yeniyeni. Nkhata inatuluka yowala, m'mbali mwake mosalala, yokongola kuposa zambiri zimene ndinaonapo. Ndipo kumunsi kuja, kumene poyamba kunali kotuwirako chabe, inali yoduka. Panali mpata wakuda bii, woonekeratu ngakhale kwa munthu wosaphunzira. Atabweranso tsiku lina n'kuwajambula mtima utapuma, mpata uja unadzaza, nkhata n'kukhala yathunthu. Tanthauzo lake linali lakuti mnofu uli moyo, koma ukangogwira ntchito magazi sakufikako. Dokotala Shah anayang'ana zithunzi ziwirizo atazindandalika, n'kunyamula foni kuitana madokotala a mitsempha ya mtima.

Bambo Zimba anapempha kuti aone. Dokotala anavomera, anawakhazika pa mpando wawo, n'kudina batani lija. Nkhata inayamba kufinyika ndi kumasuka. Munthu uja amene ankatontholetsa kwaya ndi chifuwa anasendera pafupi ndi sikirini ngati mwana.

"Ndi wanga umenewu?"

"Ndi wanu, bambo."

"Nanga moto ukuoneka apawu, akuuyatsa ndi makinawa?"

"Ayi bambo. Makina akungotola. Kuwalako kukuchokera mwa inu."

Anayang'anitsitsa. Anaika chala pa mpata wakuda uja, mosamala, ngati akuopa kuupweteka.

"Zaka zonsezi," anatero chapansipansi, "kakugunda kokha mumdima, usana ndi usiku, kuchokera kwathu mpaka kuno, osandifunsa kanthu. Ine n'kumakadyetsa tchipisi." Anapukuta m'maso ndi mpango. Mayi Zimba anayang'ana kudenga, ine ndinayang'ana pansi, chifukwa misozi ya munthu wamkulu saipenya.

Anawachita opaleshoni mwezi usanathe. Dokotala wa opaleshoniyo anauza Mayi Zimba kuti mtsempha umodzi unali utatsala kampata kochepa zedi. Ku tchalitchi nkhani inamveka ndithu, monga ndinkaopera, ndipo amayi ena a kwaya anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi. Sindinawaimbe mlandu. Nanenso ndikanamva kuti mwana wina wakweza Bambo Zimba pa sikelo n'kuwerenga mokweza, ndikanagwira pakamwa.

Chaka chopuma ntchito

Pamene ndinkapuma, makamera anali atasintha, ofulumira, otha kujambula bwino ndi mlingo wochepa kusiyana ndi kale. Maureen anali atapuma kalekale, ndipo amene ankaphunzitsa achinyamata ndinali ine. Aliyense watsopano ndinkamuimika pa khonde paja n'kumuuza nkhaniyi, osatchula dzina. Ambiri ankangoseka. Koma atsikana a ku Ghana, a ku India, a ku Zambia, amene analeredwa ngati ine, sankaseka. Ankamvetsa kuti kuloza sikelo kwa munthu wa imvi n'kolemera bwanji.

Bambo Zimba anakhala ndi moyo zaka khumi ndi zinayi chichitireni opaleshoni. Iwe Yamikani, ndi iwo anakuperekeza tsiku limene unalandira digiri. Iwe Tadala, ndi iwo anakuimira ngati nkhoswe pa ukwati wako m'holo ija ya ku Wembley, ndipo ukukumbukira mmene anavinira mpaka achinyamata kuwapatsa bwalo. Chimene sunaone n'chakuti nyimbo itatha anabwera pa tebulo langa akupuma mwamphamvu, thukuta likutsika m'chipewa. Ine ndinayamba kutsetsereka pa mpando kuti ndigwade, mwa chizolowezi. Anandigwira phewa.

"Khala pomwepo, mwana wamwano iwe," anatero akuseka. "Anthu onse ali m'holo muno amandiopa. Wondikonda anapezeka mmodzi."

Kenaka anadzigogoda pachifuwa kawiri ndi chala, pamalo pomwe panali mpata wakuda paja, n'kuwerama kuti ndimve bwino m'phokoso la ng'oma.

"Estere, nkhata ija ikuyakabe."